Wopanga tsamba la ntchito ya uphungu ayenera kudziwa kusunga chinsinsi

Pa boma la Dedza, monga pa boma lina lililonse laling'ono, anthu amadziwana. Wogulitsa mbatatesi pamsika amadziwa mphunzitsi wa mwana wake, mphunzitsiyo amapemphera mpingo umodzi ndi namwino wa pachipatala, ndipo namwinoyo ndi mlamu wake wa wapolisi amene amaima pa msewu waukulu wopita ku Lilongwe. Kudziwana kumeneku n'kwabwino pa maliro ndi pa ukwati, koma kwa munthu amene akuvutika maganizo, amene sakugona usiku chifukwa cha ngongole, banja losokonekera, mowa umene walephera kuusiya kapena imfa imene mtima wake sunaivomereze, kudziwana komweku ndi kumene kumamulepheretsa kupempha thandizo. Ine ndimagwira ntchito yopereka uphungu kuno pamodzi ndi mnzanga mmodzi, ndipo funso limene timalimva kawirikawiri, munthu asanakhale n'komwe pampando, ndi lakuti, "Kodi zimene ndinene pano sizikamveka kunja?"

Pamene tinagwirizana zoti ntchito yathu ikhale ndi tsamba lake la pa intaneti, funso lomweli ndi limene linanditsogolera posankha munthu wotipangira tsambalo. Maganizo anga ndi akuti udindo wathu wosunga chinsinsi umayamba pa nthawi imene munthu walemba dzina lathu pa foni yake n'kuyamba kuwerenga, kutatsala masiku kapena miyezi kuti alowe m'chipinda chimene timakambiranamo. Pa nthawi yonseyo amene akumuteteza kapena kumuulula ndi mmisiri amene anakonza tsambalo, ngakhale awiriwa sadzaonana. N'chifukwa chake luso lokongoletsa ndimaliika pambuyo, ndipo patsogolo ndimaika funso lakuti kodi mmisiriyu akumvetsa mantha a munthu amene adzatsegule tsambali.

Pali anzanga ena pantchito amene amaona kuti tsamba n'losafunika, popeza Facebook ndi WhatsApp zilipo kale ndipo ndi zimene anthu ambiri amagwiritsa ntchito. Mfundo yawo ili ndi mphamvu. Mwa anthu opitirira 800,000 amene kalembera wa 2018 anapeza m'boma la Dedza, ochuluka sadzaliona tsamba lathu, chifukwa amamva za ife kudzera kwa alangizi a zaumoyo, kwa abusa ndi mashehe, kwa aphunzitsi, kapena kwa mnzawo amene anawanong'oneza. Komabe Facebook ili ndi vuto lalikulu pa ntchito ngati yathu, lomwe ndi lakuti chilichonse chimene munthu wachita kumeneko chimanyamula dzina lake ndi nkhope yake. Akatsatira peji ya opereka uphungu anzake atha kuona, ndipo akalemba funso pansi pa uthenga wathu mudzi wonse uwerenga. Tsamba lokonzedwa bwino limalola munthu kuwerenga mwakachetechete, kutseka, kuganiza kwa mwezi wathunthu, n'kudzabwereranso wina osadziwa. Limathandizanso mwana amene ali ku Johannesburg ndipo akufufuzira thandizo mayi ake amene anatsala ku Bembeke, komanso mkulu wa sukulu kapena wa bungwe amene akufuna kutsimikiza kuti ndife anthu enieni asanatitumizire antchito ake. Thandizo la matenda a maganizo m'dziko muno lili patalipatali: chipatala chachikulu cha boma chili ku Zomba, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo pa zipatala za m'maboma ogwira ntchito imeneyi ndi ochepa. Munthu amene wafika pofufuza pa foni nthawi zambiri amakhala atavutika kale kwa nthawi yaitali.

Opanga masamba si osowa masiku ano. Alipo achinyamata amene anamaliza maphunziro a zamakompyuta ku MUBAS, ku MUST kapena ku Chanco, alipo odziphunzitsa okha usiku pa YouTube, aliponso makampani a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene amabwera ndi mapepala osindikizidwa bwino. Satifiketi sinandiuze zambiri, chifukwa ndinakumana ndi odziphunzitsa okha osamala kwambiri, komanso ophunzira bwino amene ankangothamangira kumaliza. Chimene chinandiuza zambiri ndi mafunso amene munthu anafunsa tsiku loyamba kukumana. Ena ankayamba ndi kundionetsa masamba a malo ogona alendo ndi a masukulu a pulayiveti amene anapangapo, kenako n'kufunsa mtundu umene ndimaukonda. Ochepa ankafunsa kuti amabwera kwa ife ndani, amabwera atamva kwa yani, amagwiritsa ntchito foni yotani, ndipo amaopa chiyani. Ofunsa chotere ndi amene ndinkapitiriza nawo kukambirana, ngakhale ntchito zawo zam'mbuyo zikhale zosagometsa m'maso.

Mayeso oyamba amabwera okha, pa nkhani ya maumboni. Pafupifupi aliyense wodziwa zamalonda amalangiza zoika mawu a anthu amene anathandizidwa, popeza pa malonda ena ndi zimene zimakopa. Mnyamata wina waulemu wake anandiuza kuti, "Amayi, mungopeza anthu angapo amene munawathandiza, tiwajambule kavidiyo kakafupi akuyamikira, anthu amakhulupirira zimenezo." Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, munthu amene wandiuza zimene sanauzepo mkazi wake sindingamupemphe kuti aonekere pa vidiyo." Iye anati tikhoza kubisa mayina. Koma kuno kubisa dzina sikubisa munthu. Mukalemba za mphunzitsi wamkazi wa ku Linthipe amene anaferedwa mwamuna chaka chatha, anthu a ku Linthipe amudziwa asanamalize kuwerenga chiganizocho. Palinso china chozama kuposa kudziwika. Munthu amene ndamuthandiza amamva kuti ali nane ndi mangawa, ndipo ndikamupempha chinthu sangakane momasuka, makamaka pa chikhalidwe chathu chimene chimaona kukanira munthu amene wakuchitira zabwino ngati mwano. N'chifukwa chake malamulo a makhalidwe a ntchito imeneyi, mwachitsanzo a American Psychological Association, amaletsa kupempha maumboni kwa anthu amene akulandirabe thandizo. Sindiyembekezera kuti wopanga masamba adziwe zimenezi asanauzidwe, koma ndimayang'anitsitsa mmene amachitira akauzidwa. Amene amamvetsa n'kuyamba kuganiza njira zina zosonyezera kuti ndife odalirika ndi woyenera kugwira naye ntchito, pomwe amene amakakamira kuti tikutaya makasitomala adzavutanso pa zina zonse zotsatira.

Mbali imene ndinakhalapo nthawi yaitali ndi ya fomu, kabokosi kaja kamene munthu amalembamo dzina, nambala ndi uthenga n'kudina batani lotumiza. Kwa mwini golosale fomu ndi chinthu chaching'ono, koma kwa ife ndi malo amene munthu angalembepo pakati pa usiku, ali yekha, zinthu zimene sanazitchulepo chibadwire. Tiyenera kudziwa njira imene mawuwo amayenda. Akachoka pa foni amapita ku seva, yomwe ndi kompyuta ya kampani yosunga masamba, ndipo kawirikawiri imakhala ku South Africa, ku Ulaya kapena ku America. Kumeneko pulogalamu ya fomu imatumiza uthengawo ku imelo imene wopanga tsamba anaikamo, ndipo mapulogalamu ambiri amasunganso kope lake pa seva pomwepo. Kope limenelo limalowanso m'zosunga zapadera zimene zimatengedwa n'cholinga choti tsamba lidzabwezeretsedwe likawonongeka. Choncho uthenga umodzi ukhoza kukhala pa malo atatu kapena anayi, ndipo aliyense amene ali ndi pasiwedi ya tsambalo akhoza kuuwerenga, kuphatikizapo mmisiriyo ndi mnzake amene amamuthandiza ntchito zikachuluka. Nthawi zina mmisiri amaika imelo yake poyesa fomu n'kuiwala kuichotsa, popanda cholinga chilichonse choipa, ndipo kwa miyezi amakhala akulandira mauthenga amene sanalembedwere iye.

Ndikafunsa za chitetezo, yankho lofulumira linkakhala lakuti tsamba lidzagwiritsa ntchito https, imene mafoni ena amaisonyeza ndi kaloko pafupi ndi adiresi. Chitetezo chimenechi n'chofunika, ndipo masiku ano chimapezeka kwaulere kudzera ku bungwe lotchedwa Let's Encrypt, moti wolipiritsa ndalama zambiri pa icho afunsidwe bwino. Koma ntchito yake ndi kuteteza uthenga uli pa ulendo basi, ndipo ukafika n'kusungidwa chilibenso mphamvu pa iwo. Mafunso enieni ndi akuti uthenga usungidwa kuti, kwa masiku angati, angautsegule ndani, ndipo udzafafanizidwa bwanji. Munthu amene angayankhe zimenezi m'Chichewa chomveka, osandizunguza mutu ndi mawu a ukatswiri, ndi amene akudziwa zimene akuchita.

Zimene zinachitika m'mayiko ena zimasonyeza kukula kwa nkhaniyi. M'chaka cha 2020 ku Finland kunadziwika kuti wakuba wa pa intaneti analowa m'makompyuta a Vastaamo, kampani yopereka thandizo la maganizo, n'kutenga zolemba za anthu opitirira 30,000, kuphatikizapo zimene anakambirana ndi owathandiza. Ataona kuti kampaniyo sikupereka ndalama, wakubayo anayamba kulembera anthuwo mmodzimmodzi, kuwaopseza kuti akapanda kulipira aulula zinsinsi zawo, ndipo chaka chotsatira kampaniyo inagwa. Ku America nako, mu 2023, bungwe la boma la Federal Trade Commission linalamula kampani ya BetterHelp kulipira madola 7.8 miliyoni chifukwa chopereka maimelo ndi mayankho a zaumoyo a anthu ake kwa makampani monga Facebook ndi Snapchat pofuna kutsatsa malonda. Nkhani yachiwiriyi ndi imene ili pafupi kwambiri ndi ife, chifukwa sifuna wakuba aliyense kuti ichitike. Opanga masamba ambiri amaika timapulogalamu towerengera alendo, monga Google Analytics ndi Meta Pixel, mwachizolowezi chabe, poganiza kuti ndi mbali ya ntchito yabwino. Timapulogalamuti timauza makampani akunja kuti foni yakutiyakuti yatsegula tsamba lonena za uchidakwa kapena za nkhanza za m'banja, ndipo chotsatira chake chikhoza kukhala malonda a uphungu amene ayamba kuonekera pa Facebook ya munthuyo, mwamuna wake kapena mkazi wake akuona. Ine ndinanena poyera kuti chiwerengero cha alendo sindichifuna ngati mtengo wake ndi umenewu.

Lamulo la dziko lathu nalonso lafika pa nkhaniyi. Data Protection Act ya 2024, imene ikuyang'aniridwa ndi MACRA, imaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika chisamaliro chapadera, ndipo udindo waukulu uli pa amene watolera uthengawo n'kusankha chochita nawo. Pa tsamba la uphungu ameneyo ndi ife, ndipo zinthu zikatayika sitidzatha kuloza chala mnyamata wa makompyuta. Njira yotetezeka kwambiri ndi kusatolera zimene sitikuzifuna. Fomu yathu imafunsa dzina lililonse limene munthu akufuna kuti timutchule nalo, nambala, ndi nthawi imene tingamuimbire ali payekha. Malo olembapo mavuto mulibe, ndipo pamwamba pake tinalemba kuti nkhani yeniyeni tidzakambirana pakamwa. Uthengawo umabwera ku imelo imene timatsegula awiri tokha, ndipo pa seva sipatsala kope.

Chimene mmisiri wokulira m'tauni amachiiwala msanga n'chakuti kuno foni si ya munthu mmodzi nthawi zonse. Pabanja pakhoza kukhala foni imodzi yamakono, imene masana imayenda ndi bambo, madzulo ana amaonerapo makanema, ndipo ikatha moto imakagona kwa wotchaja pamsika. Mayi amene akuchitiridwa nkhanza akabwereka foni yomweyo kuti afufuze thandizo, chilichonse chimene tsamba lathu lasiya m'foniyo chikhoza kuchititsa kuti amenyedwe usiku womwewo. Apa zinthu zimene zimaoneka ngati luso zimasanduka ngozi. Uthenga wobwera wokha wothokoza munthu potilembera ndi kumuuza kuti mlangizi wake amuimbira ndi woopsa. Batani la WhatsApp limene limalemberatu mawu opempha uphungu limasiya umboni m'macheza. Ngakhale dzina la tsamba lenilenilo limatsala m'mndandanda wa zimene foni yatsegula, choncho dzina lofatsa, losatchula matenda, limateteza kuposa dzina lofotokoza zonse, ngakhale kuti lofotokoza zonselo ndi limene lingapezeke msanga pa Google. Masamba a mabungwe othandiza ochitiridwa nkhanza m'mayiko ambiri amakhala ndi batani lotulukira msanga, limene munthu akalidina tsamba limachoka n'kubwera lina wamba, monga la nkhani za tsikulo. Ifenso tinalifuna, pamodzi ndi mawu ochepa ofotokoza mmene munthu angafafanizire zimene watsegula, popeza batanilo palokha silifafaniza mndandanda uja. Tinalembanso kuti wopanda mayunitsi akhoza kungofulasha, ndipo tikaimba timayamba tafunsa ngati ali pabwino polankhula tisanatchule kuti ndife yani.

Za kulemera kwa tsamba ndizinena mwachidule, ngakhale ndi zimene zimagwetsa masamba ambiri okongola. Mmisiri amagwira ntchito yake pa laputopu, pa Wi-Fi ya mu ofesi, pomwe wowerenga wathu ali ndi itel kapena Tecno yakale, kabandulo ka tsiku limodzi ka Airtel kapena TNM, ndi netiweki imene imabwera n'kuthawa kuseri kwa mapiri. Ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha, imene singatsegule masamba ena, moti kuti afike kwa ife ayenera kuwononga ndalama yapadera. Chithunzi chimodzi chosachepetsedwa chimatha kulemera 3 MB kapena 5 MB, pomwe chikachepetsedwa bwino chimatsika kufika pa 200 KB ndipo pa foni diso silisiyanitsa. Ine ndinkapempha maadiresi a masamba amene munthu anapangapo n'kukawatsegula pa foni yotsika mtengo ndikapita ku Mayani, ku Lobi kapena kumunsi ku Golomoti. Tsamba limene limangozungulira osatseguka kumeneko linkandiuza zokwanira za mwini wake.

Nkhani ya umwini yaliza anthu ambiri amalonda. Tsamba limaima pa zinthu ziwiri zolipiridwa chaka ndi chaka: domain, yomwe ndi adiresi yake, ndi hosting, omwe ndi malo amene tsambalo limasungidwa. Pofuna kufewetsa ntchito, amisiri ambiri amalembetsa zonsezi m'dzina lawo ndi pa imelo yawo, ndipo mwini ntchito sadziwa kufikira tsiku limene asemphana, kapena mmisiriyo wasamukira kunja n'kusintha nambala. Zili ngati womanga nyumba amene walembetsa puloti m'dzina lake chifukwa ndiye ankadziwa ofesi ya malo: njerwa ndi malata mwagula ndinu, koma chikalata chili ndi wina. Domain ikapanda kulipiridwa pa nthawi yake imatayika, ndipo pakapita nthawi wina aliyense padziko akhoza kuigula. Maadiresi otayika chotere nthawi zambiri amatoledwa ndi otsatsa juga ndi zolaula. Kwa ife zimenezi zikutanthauza kuti kapepala kamene tinasiya kusukulu kapena kutchalitchi zaka zapitazo kakhoza kutsogolera mwana wovutika maganizo ku tsamba la kubetcha. Choncho domain ndi hosting zilembetsedwe m'dzina la ntchito yathu, pa imelo yathu, ndipo mmisiri apatsidwe chilolezo chakechake cholowera chimene tingachichotse tikafuna. Mmisiri woona mtima savutika ndi pempho limeneli, ndipo ena amalitchula okha tisanafunse.

Mtengo umene umatchulidwa poyamba ndi wa kupanga basi, pomwe funso lofunika ndi la chaka chachiwiri ndi chachitatu. Adiresi yothera ndi .mw imalembetsedwa kudzera ku bungwe la Malawi SDNP, koma ya .com ndi hosting yambiri zimalipiridwa m'madola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wolipira zinthu zakunja anaona mtengo ukukwera tsiku limodzi lokha, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kumachititsa kuti ngakhale wokhala ndi makwacha m'manja avutike kulipira pa khadi. Ndinkafuna kudziwa amene adzalipire, njira yake, mwezi wake, ndi amene adzakumbutse mnzake. Ndinkafunanso kudziwa za kasamalidwe ka tsambalo. WordPress, pulogalamu yopangira masamba imene inayamba mu 2003 ndipo ikuyendetsa pafupifupi masamba anayi mwa khumi alionse padziko, ndi yabwino, koma imafuna kukonzedwa pafupipafupi, ndipo zowonjezera zake, timapulogalamu timene amalumikizamo kuti tsamba lizichita zambiri, zikakalamba ndi pamene akuba amalowera. Zoopsa kwambiri ndi zowonjezera zogulitsa zimene ena amazitenga mwakuba pothawa kulipira, chifukwa nthawi zambiri zimabwera zitaikidwa kale zoipa m'kati. Ntchito ngati yathu imangofuna masamba ochepa ofotokoza kuti ndife yani, timathandiza pa chiyani, tili kuti, ndipo timalipiritsa zingati. Amene anandiuza kuti zochepa n'zosavuta kuteteza, podziwa kuti akudzichepetsera yekha malipiro, ndi amene ndinayamba kumukhulupirira.

Pano ndiikepo mawu oteteza amisiriwo, chifukwa eni ntchito nawonso amawalakwira. Ambiri amafuna ntchito yabwino pa mtengo wotsikitsitsa, amachedwetsa kwa miyezi mawu oti aikidwe pa tsamba, kenako amaimba usiku kuti nambala isinthidwe ngati kuti anamulemba munthuyo ntchito ya moyo wonse. Ntchito yaulere ya mphwanu kapena ya mwana wa mnzanu ndiyo yovuta kuposa zonse, chifukwa munthu amene simunamulipire simungamukumbutse za tsiku lomalizira, ndipo chibale chimakumangani pakamwa mukafuna kuti abweze mapasiwedi. Pangano lolembedwa, ngakhale la pepala limodzi, limateteza mbali zonse. Linene ntchito yake, zosintha zimene zili m'kati mwa mtengo ndi zimene zili kunja, ndiponso kuti malipiro adzaperekedwa m'magawo, gawo lomaliza likudikira tsiku limene mapasiwedi onse adzakhale m'manja mwanu ndipo mwawayesa nokha.

Mawu a pa tsamba tinalemba tokha, ndipo ndimalangiza aliyense wa ntchito yathu kutero. Mmisiri akasiyidwa yekha amadzaza malo ndi mawu okopa amene wawapeza pa masamba akunja, olonjeza kuti moyo usintha m'masabata ochepa, lonjezo limene wopereka uphungu woona sangalinene. Chichewa tinachiika patsogolo, popeza ndi chimene anthu athu amafotokozera mavuto awo, ndipo Chingerezi chinatsatira chifukwa cha mabungwe. Tinalemba maphunziro athu monga alili, osadzitcha madokotala, ndipo tinanena momveka kuti sitipereka mankhwala, kuti amene akufunika mankhwala timamutumiza kuchipatala. Mtengo nawo tinaulemba, chifukwa munthu wamanyazi safunsa mtengo, amangoganiza kuti sangakwanitse n'kukhala kunyumba. Tinasamalanso kuti tsamba lisanyoze ankhoswe, abusa kapena akuluakulu a pabanja, amene akhala akuthandiza anthu kuyambira kalekale ndipo ambiri a iwo ndi amene amatitumizira anthu. Pa zithunzi, zimene amisiri amatenga pa intaneti zimakhala za mitundu iwiri, azungu atakhala pa sofa yofewa kapena munthu atagwira mutu m'chipinda cha mdima. Choyambacho chimauza munthu wa kwa Kaphuka kuti malo ano si ake, ndipo chachiwiricho chimamuuza kuti akabwera adzaonedwa ngati wosokonekera mutu. Nkhope zathu awiri, chipinda chopanda munthu ndi Phiri la Dedza zinakwanira.

Pa chinthu chimodzi sindinalole kukambirana kulikonse. Ife usiku timagona, ndipo fomu siyankha munthu. Pamwamba pa tsamba lililonse payenera kukhala mawu ouza munthu amene akuganiza zodzipha, kapena amene moyo wake uli pa chiswe chifukwa cha nkhanza, kuti asalembe fomu n'kudikira, koma auze munthu amene ali naye pafupi, apite kuchipatala chapafupi kapena ku Victim Support Unit ya polisi, ndipo pa nkhani zokhudza ana aimbe nambala yaulere ya 116. Wina anadandaula kuti mawu oterewa akuwononga maonekedwe, ndipo anafuna kuwatsitsira pansi penipeni ndi zilembo zing'onozing'ono. Munthu amene ali pa vuto lotere safika pansi pa tsamba, choncho mawuwo anakhala pamwamba. Nambala iliyonse imene yalembedwa pamenepo iyenera kuyesedwa nthawi ndi nthawi, ndipo mmisiri atisonyeze mmene tingaisinthire tokha osadikira kuti iye apeze mpata.

Funso limene linandivuta kwambiri linali lakuti ndisankhe wa konkuno kapena wakutali. Wa konkuno amadziwa netiweki yathu, amapezeka zinthu zikavuta, ndipo ndalama imatsala kwathu konkuno, koma amadziwanso anthu, moti nambala imene angaione mwangozi ikhoza kukhala ya azakhali ake kapena ya aphunzitsi ake akale. Wakutali sadziwa aliyense, koma akasiya kuyankha foni palibe kumene mungakamupeze. Pomaliza ndinaona kuti tsamba liyenera kukonzedwa moti mmisiri, kaya ndi wa kuti, asakhale ndi chowerenga, ndipo pamwamba pa apo asayine pangano losunga chinsinsi lomwe amasayina aliyense wolowa mu ofesi yathu pantchito, ngakhale wosesa. Tinasankha mtsikana wina wa ku Ntcheu. Tisanagwirizane ndinaimbira anthu amene anawapangira masamba zaka zingapo zapitazo, popeza amene walandira tsamba mwezi watha amakhala akusangalalabe, ndipo ndinawafunsa ngati amayankhabe foni, ngati domain ili m'dzina lawo, ndi zimene zinachitika tsamba litavuta. Mayankho anali abwino, koma chimene chinanditsimikizira ndi mawu ake omwe. Nditamufotokozera za fomu n'kumufunsa kuti, "Achemwali, inu mauthenga amenewa mudzawaona?" iye anati, "Amayi, tiyeni tikonze moti ndisakhale ndi njira yowawerengera ngakhale nditafuna, chifukwa mawa laputopu yanga ikhoza kubedwa."

Zimene tinazisiya dala ndi kulipirira pa tsamba ndi kusungitsa nthawi yokumana pa kalendala ya pa intaneti. Airtel Money ndi Mpamba zimasiya uthenga m'foni wosonyeza kumene ndalama yapita, kuchuluka kwake ndi nthawi yake, ndipo pa foni yobwerekana uthenga umenewo ndi wokwanira kuyambitsa mafunso kunyumba. Kalendala nayo imafuna kusunga mayina ndi masiku pa seva ya kampani ina, kenako n'kumatumiza zikumbutso pa nthawi imene sitinasankhe ndife. Achemwaliwo anati zonsezi n'zotheka kuziika tsiku lililonse tikapeza njira imene ingatikhutiritse. Pakadali pano nthawi yokumana timagwirizana pakamwa, ndipo amene akufuna kulipira pa foni timayamba tamufunsa ngati foniyo ndi yake yekha.